Anapiye 50 amene ndinagula mwezi wa Juni

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti nanga nkhuku zija zinatha bwanji, paja mwezi wa Juni ndinaponya pano chithunzi cha katoni ya anapiye, ena mpaka munalemba kuti bwana mwayamba bizinesi. Ndinakhala chete dala. Anali manyazi basi. Koma dzulo mlamu wanga wandiuza kuti akagulitsa kachewere wake wa kudimba nayenso akufuna kukatenga anapiye, ndiye ndati ayi, bola ndinene zonse poyera, wofuna kuseka aseke.

Ndalama inachokera kwa mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Anatumiza pafoni n'kunena kuti, "Ababa, musamangodalira chimanga chokha, yesani nkhuku za nyama, kuno anthu akugula kwambiri." Mayi akunyumba maganizo awo anali ena. Iwo ankati ndalamayo tisunge, tidzaonjezere pa feteleza. Ine ndinawagonjetsa ndi pakamwa, mpaka anakatenga ngongole pang'ono ku banki mkhonde kuti tiphatikize. Mawu amene ndinawauza ndimawakumbukira bwino: masabata 6 okha ndalama yabwerera ndi mwana wake.

Ndinapita m'tauni Lachisanu. Pasitolo yogulitsa za ziweto anandiuza kuti anapiye sangotengedwa ngati sopo, umalembetsa kaye, kulipira, n'kudikira tsiku limene abwere kuchokera kumene amaswetsa mazira. Anati sabata yamawa. Ine mtima unali kale pa nkhuku, ndipo ndinawerengera ya minibasi kupita ndi kubwera kawiri, ndinaona ngati akundichedwetsa. Nditangotuluka panja, mnyamata wina anandilonjera mwaulemu kwambiri. Anali ndi makatoni awiri pamthunzi, anapiye achikasu akulira bwinobwino. "Abambo, awa ndi mabroyila enieni, mtengo ndikuchotserani, mutenge lero lomwe." Mtengo wake unalidi wotsika, wotsika moti munthu wa zaka zangazi ndinayenera kudabwa. Sindinadabwe. Ndinawerenga 50, kulipira, osapatsidwa lisiti, ngakhale nambala yake ya foni sindinatenge.

Inu a m'tauni mwina mwaiwala kuzizira kwa kuno ku Dedza mwezi wa Juni. Katoni ndinaiika pansi pa mpando pafupi ndi chitseko cha minibasi, ndiye kondakitala akatsegula pa siteji iliyonse mphepo yonse imathera pa anapiye. Kutsika apo, kabaza. Ndinafika dzuwa litalowa. Mayi anandilandira katoni n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga agona kuti?" Zoona, ndinagula anapiye ndisanakonze powaika. Tinasesa kukhitchini, kuyala masaka, kukoleza mbaula, ine n'kutseka zenera ndi chiguduli komanso kutsekera mpata wa pansi pa chitseko kuti mphepo isalowe.

M'mawa tinapeza 7 atauma. Ndinaganiza kuti moto unachuluka, ndiye usiku wachiwiri ndinachepetsa makala. Moto unazima cha m'ma 2 koloko ife tili mtulo, anapiye anathamangira pakona n'kukwerana, apansi 6 anafa chopsinjika. Tsiku lachitatu awiri anagwera m'mbale ya madzi, kunyowa, kuzizidwa, basi. Masiku atatu, anapiye 15. Ndinkawataya kudzala m'mamawa anthu asanadzuke.

Ndi mayi amene anapita kukaitana alangizi a ziweto, ine ndinkangoti tiona mawa. Alangizi atalowa m'khitchini muja anayamba ndi kuchotsa chiguduli pazenera. Anati usiku woyamba uja anapiye sanafe ndi kutentha, unali mpweya wa makala m'nyumba yotseka paliponse, womwe uja umapha ndi anthu omwe akagona ndi mbaula. Makala uziyatsira panja, afiire kaye utsi uthe, kenaka ulowetse, mbaula uikhazike pa njerwa, ndipo kumwamba kuzikhala kampata kotulukira mpweya. Anatidulitsa makatoni n'kuzunguliza ngati nkhokwe yaifupi kuti pasakhale kona yoti anapiye aunjikanepo. Pansi anati masaka ayi, amasunga chinyezi, tithire utuchi wokhuthala wa kwa akalipentala kapena mankhusu a mpunga. M'mbale ya madzi tiikemo timiyala kuti kamwanapiye kazimwa osalowamo. Anandifunsanso ngati anapiye atafika ndinawapatsa madzi a shuga pang'ono kuti abweze mphamvu za paulendo. Ine ndinali nditawathirira madeya ouma.

Chimene ndinachikonda pa zonse ndi ichi. Anati sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kopitirira madigiri 30, koma poti ife choyezera tilibe, anapiye omwewo ndiwo amanena. Akaunjikana pafupi ndi moto uku akulira mokweza, azizidwa. Akathawira kutali ndi moto atayasamula kukamwa, kwatentha. Akamwazikana bwinobwino, ena akudya ena akugona, iwenso kagone. Kuyambira tsiku limenelo tinkasinthana kudzuka, ine pakati pa usiku, mayi tambala woyamba. Masabata atatu. Makala amene anathera pamenepo sindinawawerengere n'komwe pogula paja.

Ndiye tamverani izi. Sabata yomweyo thadzi la mayi lamawangamawanga, limene linkafungatira kuseri kwa chitseko, linakwanitsa masiku ake 21 n'kuswa anapiye 9 pa mazira 11. Lopanda mbaula, lopanda alangizi. Ine ndikutuluka m'khitchini maso ali psuu ndi utsi, ilo likudutsa ndi ana ake kupita kukapalasa kuseri kwa khola la mbuzi. Mayi sananene kanthu. Anangoliyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

Tsopano nkhani ya chakudya, imene ndikufuna mlamu wanga aimvetse. Ine ndinkaona ngati ndalama yaikulu ndi yogulira anapiye. Ayi ndithu, imeneyo ndi yaing'ono. Nkhuku ya nyama imodzi, kuchokera tsiku loyamba kufika pogulitsa, imadya makilogalamu 4 kapena kuyandikira pamenepo. Nkhuku 50 ndi matumba 4 a makilogalamu 50, kuyamba ndi sitata, kenaka growa, kumalizira finisha. Ndipo nonse mukudziwa mmene zinthu za m'sitolo zinakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ine ndinabwera ndi kajumbo ka sitata ka makilogalamu 5 koyezetsa. Madeya okha sakuza mwanapiye, amangodzaza m'mimba. Ndinagulitsa matumba awiri a chimanga cha m'nyumba kuti ndigule chakudya cha nkhuku, mwezi wa Julayi, mtengo wa chimanga usanakwere. Amene mumalima mukudziwa kuti matumba awiri amenewo tidzawafuna mu Febuluwale.

Sabata yachitatu anayi anayamba kutsegula m'mimba zamagazi, mapiko gwede, n'kufa. Utuchi unanyowa pamalo omwera ndipo ine ndinachedwa kusintha. Mankhwala anathandiza otsalawo. Tinatsala ndi 31.

Koma chinandisowetsa tulo ndi china. Sabata yachinayi ikutha, nkhuku zikudya ndithu koma osanenepa. Miyendo yaitali yoonda, chidali chakuthwa ngati mpeni, zofiira za pamutu zija zikukula msanga, ndipo ukatsegula chitseko zimauluka mpaka pamwamba pa thandala. Broyila ndinaionapo kwa anzanga, imayenda pang'ono n'kukhala pansi chifukwa cha kulemera. Zangazi zinkathamangitsana ngati ana a sukulu pa buleki. Alangizi atabweranso anagwira imodzi, kuitembenuza, n'kupumira m'mwamba. "Bambo, pepani. Awa si mabroyila. Awa ndi atambala a nkhuku za mazira."

Anandifotokozera kuti kumene amaswetsa nkhuku zoikira mazira, pafupifupi theka la anapiye amatuluka aamuna, ndipo alimi a mazira sawafuna. Pa mtundu wa nkhuku zofiira zija, aakazi amabadwa ofiirira, aamuna oyererako, moti tsiku loyamba munthu wosazolowera sangawasiyanitse ndi broyila. Amagulitsidwa motchipa kwambiri, ndipo wogulitsa wachilungamo amakuuza kuti awa ndi atambala. Wanga uja sanandiuze. Ndinabwererako m'tauni pamthunzi pomwe paja, ndinapeza mayi wogulitsa nthochi. Ndinachita manyazi ngakhale kufunsa.

Kunena zoona, mnyamata uja ndinamukwiyira masiku angapo, koma 15 oyamba aja sanaphe ndi iye. Akanakhala mabroyila enieni akanafanso chimodzimodzi m'khitchini mwanga.

Chakudya chogula ndinasiya. Tinayamba kusakaniza tokha madeya, soya wokazinga wogayitsa ndi fumbi la bonya, masana n'kuzitulutsa kuti zizipalasa. Nkhuku yoyera pabwalo ili ngati mbendera, mphamba anatola zitatu sabata imodzi. Za thadzi lija akangomva make walira zimalowa pansi pa nkhokwe, zangazi zinkangoima kuyang'ana kumwamba, popeza zinaleredwa ndi mbaula. Zinatsala 28.

Pali chimodzi chokha chimene ndinachita bwino, nachonso anandikakamiza ndi mayi. Atabwera otemera nkhuku ndi katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodonthezera dontho limodzi m'diso, ine ndinkadandaula za ndalama yolipira pa nkhuku iliyonse. Mayi anatulutsa yawo ya tomato, tinatemera zonse, zanga ndi zawo zomwe. Mwezi wa Okutobala kutatentha chitopa chinalowa m'mudzi muno monga chimachitira chaka ndi chaka. Anzanga a kuno ndinu mboni, makomo ena munatsala makola okhaokha, nkhuku kupindika makosi, kutsegula zobiriwira, anthu kudya nkhuku mokakamizika sabata yathunthu. Pakhomo panga sipanafe ngakhale imodzi. Ena mumati katemera ndi amene amabweretsa matenda. Vuto n'loti timathamangira katemera nkhuku zitayamba kale kudwala, zikafa timati wapha ndi katemera. Amafunika kuperekedwa nkhuku zili bwino, ndi kubwereza pakatha miyezi inayi iliyonse.

Chifukwa cha chitopa chomwecho nkhuku zinasowa pamsika, ndiye atambala anga anapeza ogula, atakwanitsa miyezi pafupifupi isanu m'malo mwa masabata 6 aja. Ena anawakonda, ati nyama yake ndi yolimbako ngati ya lokolo. Ndagulitsa 25, awiri tinadya, mmodzi alipo. Nditakhala pansi ndi kope kuwerengera anapiye, chakudya, makala, mankhwala, minibasi ndi chimanga chija, ndalama siinabwerere yonse. Ngongole ya ku banki mkhonde anabweza ndi mayi, pang'onopang'ono, ndi tomato wawo, ndipo tsiku lililonse la msonkhano ndinkawaona akumanga ndalama pansonga ya chitenje osandiuza kanthu. Bola akanandikalipira. Feteleza wa chaka chino waperewera thumba limodzi, munda wa kumtunda ndidzalamo soya.

Chovuta kwambiri chinali kumuimbira mwana. Miyezi yonseyi akafunsa ndinkangoti zikukula. Nditamuuza zonse anakhala chete, ine n'kumaganiza kuti mayunitsi atha. Kenaka anati, "Ababa, nanga osandiuza bwanji kale? Ine ndinkaona ngati mukagula anapiye ndiye kuti mwamaliza." Sindikumunena mwana wanga, anachita zimene ana ambiri sachita. Koma inu a m'tauni amene mumatitumizira ndalama kuti tiyambe nkhuku, muzifunsako kuti khola lilipo, ya chakudya cha masabata onse ilipo, nanga ogula ali kuti. Broyila ikakwana siidikira, tsiku lililonse imene ili m'khola ikudya phindu lako, ndipo kuno kumudzi munthu sagula nkhuku Lachiwiri wamba popanda mlendo kapena mwambo. Kumeneko muli ndi mafiriji ndi malo odyera. Ife tili ndi tsiku la msika limodzi pa sabata.

Kwa ine, mmene ndaonera, nkhuku ya munthu wa ngati ine ndi ya Mikolongwe, zakuda zija zimene azungu amati Black Australorp. Dzinalo linachokera ku famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu kumene amaziswetsa. Ubwino wake zimagulitsidwa zili ndi masabata 6, zitamera nthenga, nthawi ya mbaula itadutsa. Zimapalasa zokha ngati zathuzi, zimakula kuposa lokolo, mazira zimaikira ambiri, ndipo tambala wake akakwera mathadzi athu ana amatuluka okulirapo. Kufungatira ndiye si kwenikweni, mazira ake umaikira thadzi lalokolo. Alangizi ndawauza kuti mwayi ukapezeka andilembe 10. Khumi basi, ndipo khola ndayamba kale kumanga, lokwera m'mwamba chifukwa cha likongwe. Mlamu, ngati mtima wanu uli pa mabroyila ndithu, sindikukuletsani, koma kalembetseni pasitolo, mudikire sabata yanuyo, mutenge lisiti, mufunse katemera amene alandira ndi masiku a katemera wa gumboro, ndipo thumba la sitata lifike pakhomo anapiye asanafike. Mbaula ndi makatoni ndikubwerekani, ndili nazo.

Anapiye 9 a thadzi lija anakula 6, misoti inayi ndi atambala awiri, ndipo make wayambanso kuikira kuseri kwa chitseko komwe kuja. Tambala wanga woyera wotsalayo mayi akana kuti ndigulitse, ati ndi wa mwana akabwera pa Khirisimasi, adzadye nawo bizinesi yake. Amalira 3 koloko usiku, mawu ake ngati wamezera chingwe, oyandikana nane mundikhululukire mpaka Disembala.

Otemera akubweranso Loweruka m'mawa pabwalo la amfumu. Amene nkhuku zinakutsalirani musazitsegulire, kugwira nkhuku yotuluka kale ndi ntchito. Amene muli ndi foni muwauzeko anzathu amene sali pa Facebook.