Phula la M'botolo

Anthu ambiri akamafika pa shedi yanga ku Chitawira amanena mawu amodzimodzi: "Achimwene, muyipake polishi iwale." Ndimangovomera, chifukwa kasitomala sutsutsana naye asanatsike n'komwe m'galimoto. Koma ndikayendetsa dzanja pa boneti, kawirikawiri ndimapeza kuti chomwe galimotoyo ikufuna si polishi, ndi wakisi. Awiriwa amagulitsidwa m'mabotolo ofanana, pa shelefu imodzi, ndipo pali makampani amene amawasakaniza m'botolo limodzi, koma ntchito zawo sizifanana. Polishi amadya penti. Muli timchenga tosalala kwambiri tomwe timapala kakhungu ka pamwamba kuti timizere ndi kusuluka zichoke. Wakisi sadya kanthu. Amangogona pamwamba kuti dzuwa, fumbi ndi zitosi za mbalame ziyambe zalimbana ndi iyeyo zisanafike pa penti yeniyeni.

Kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito chifukwa penti ya galimoto ndi yopyapyala kuposa momwe eni ake amaganizira. Ya ku fakitale, kuyambira pa chitsulo kufika pamwamba, imangoposa pang'ono pepala la m'kope kuchindikala kwake. M'kati mwa kupyapyalako muli zigawo: pansi pali yoteteza chitsulo ku dzimbiri, pakati pali mtundu womwe maso amaona, pamwamba pali yosaoneka mtundu, imene opopera penti amangoti kiliya. Kuwala konse kwa galimoto kumakhala pa kiliya ameneyu, ndipo iyeyo payekha safika pa pepala limodzi. Ndiye munthu akamapita kwa anyamata a makina mwezi ndi mwezi kuti amupalire ndi polishi, akudya mbewu. Tsiku lina adzaona denga layamba kuyera mawangamawanga, kenako kufundula ngati njoka. Pamenepo palibe botolo limene lingathandize. Ndimawauza poyera kuti, "Bwana, apa ndingokudyerani ndalama, pitani kwa opopera."

Magalimoto ambiri amene ndimagwira ndi ochokera ku Japan, ma Vitz, ma Sienta, ma Note, ti Mira, otsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Amafika atayenda kale zaka zingapo kwawoko, koma penti ili bwinobwino. Chimene chimawamaliza ndi kuno. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, galimoto imagona m'fumbi ndi kudzuka m'fumbi, dzuwa la Okutobala likuotcha denga tsiku lonse pa malo oimikapo opanda mthunzi. Ukathawira pansi pa mtengo wa mango, utomoni ukudikira. Pansi pa jakaranda, maluwa amagwera pa boneti n'kuwolerapo. Usiku mileme nayo imasiya zake. Chitosi cha mbalame chikauma pa penti yotentha masiku awiri, ukachichotsa chimasiya chithunzi chake chitalowa m'kiliya. Pa galimoto yopakidwa wakisi, chimakhala chochedwerako kulowa, ndipo chimachoka ndi nsalu yonyowa basi.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi amalume anga, amene anakhala zaka zambiri akuyendetsa galimoto ya bwana wina ku Sunnyside. Iwo ankagwiritsa ntchito wakisi wolimba wa m'chitini, uja umachita kumukanda ndi nsalu, ndipo wamadzi ankamunyoza kuti ndi wa aulesi. Ine ndinasamukira ku wamadzi chifukwa amafalikira msanga, amapukutika mosavuta, ndipo pa tsiku Lachisanu pamene magalimoto a ukwati afola pa shedi, manja amakuthokoza. Koma mwambo wonse wa ntchito ndi wa iwowo, ndipo mbali yaikulu ndinaiphunzira tsiku limodzi lochititsa manyazi.

Unali mwezi wa Okutobala, amalume atapita ku maliro ku Chiradzulu. Kunabwera bambo wina ndi galimoto yakuda bii, akufuna ikhale itakonzeka pofika 2 koloko. Ndinadziuza kuti mwayi wosonyeza luso ndi umenewu. Shedi inali itadzaza, ndiye ndinaitsukira panja, dzuwa lili pa liwombo. Ndinathira wakisi mosaumira, mochita kukhuthulira pa boneti penipeni, n'kupaka galimoto yonse ulendo umodzi, zitseko, denga, mabampa, ngakhale mapulasitiki akuda a m'mbali mwa mawindo. Maganizo anga anali akuti wochuluka ndiye wowala. Pomwe ndimabwerera ku boneti kuti ndiyambe kupukuta, wakisi anali atauma gwa ngati phala la dzulo pa mbale. Ndinakhula ndi mphamvu zanga zonse, ndipo kukhulako kunasiya timizere tozungulira, tija timaoneka ngati ukonde wa kangaude dzuwa likawomba. Mapulasitiki aja anatuwa mbuu. Mwini galimoto atabwera sanakalipe. Anaizungulira kamodzi, n'kundifunsa kuti, "Iwe mnyamata, madala aja abwera liti?" Funso limenelo linandipweteka kuposa mbama.

Amalume atabwera m'mawa mwake anandipatsa mswachi wakale ndi madzi a sopo, n'kundilozera mapulasitiki aja. Ndinakhalira zimenezo mpaka masana. Kenako anatenga dzanja langa, n'kuligunditsa kunsana kwake pa boneti ya galimoto ina yomwe inali padzuwa. Ndinalichotsa msangamsanga. "Mphwanga," anatero, "pomwe dzanja lako lakana, wakisi nayenso wakana."

Kuyambira pamenepo, theka lalikulu la nthawi yanga limathera pa zinthu zochitika botolo lisanatsekulidwe. Galimoto imalowa mumthunzi kuti izizire. Ndimayamba ndi kuithira madzi okhaokha, ambiri, kuti mchenga utsike wokha, chifukwa siponji ikakumana ndi fumbi louma imasanduka sandipepa. Ndowa zimakhala ziwiri, ina ya thovu, ina ya madzi otsukuluzira siponji, ndipo ndimayambira padenga kutsika. M'munsi mwa zitseko ndi matayala zili ndi nsalu yakeyake yomwe siyandikira boneti. Sopo ndi wa magalimoto. Sopo waufa wochapira zovala ndi uja wotsukira mbale amachotsa mafuta, ndiyo ntchito yake, ndipo wakisi naye amamuona ngati mafuta. Ndaonapo anthu akulipira kuti ndiwapakire Loweruka, Lolemba wantchito wa pakhomo n'kuitsuka ndi sopo waufa. Akabwera kudzadandaula kuti wakisi wanga ndi wabodza, ndimayamba ndafunsa amene amatsuka galimoto kunyumba.

Ikauma, ndimavala kapulasitiki kopyapyala ku zala n'kusisita penti. Zala zokha zimanama, koma kudzera m'kapulasitiki umamva timiyala tonse tomwe tinakanirira. Tambiri timakhala phula la pamsewu, makamaka kuseri kwa matayala ngati galimoto yadutsa pomwe akukonza msewu. Chichewa chathu chinapatsa dzina limodzi kwa mdani ndi mnzake yemwe: phula la pamsewu ndimalichotsa, phula la m'botolo ndimalipaka. La pamsewu limasungunuka ndi kadontho ka palafini pa nsalu, kenako pamalopo ndimatsukanso ndi sopo. Zotsalazo ndimazizula ndi dongo la magalimoto, kachibulumwa kofewa komwe umayendetsa pa penti yonyowa ndi thovu mpaka isalale see. Likagwa pansi dongo limenelo, lapita. Limatola mchenga ndipo lingakande galimoto yonse. Mayi wina wogwira ntchito ku Chikwawa amabwera ndi madontho oyera thupi lonse la galimoto, chifukwa amatsukira madzi a pamjigo okhala ndi mchere, n'kuisiya iume yokha padzuwa la kuchigwa lija. Amenewo ndimawafewetsa ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Ukapaka wakisi pamwamba pa zinthu zoterezi wazitsekera m'kati, ndipo zidzakhala zikukuyang'ana mpaka wakisiyo atatha.

Tsopano botolo. Ndimalikhutchumula kaye ndithu, chifukwa zam'katimo zimalekana likakhalitsa. Pa siponji yofewa ndimadontheza madontho atatu kapena anayi, lililonse ngati njere ya chimanga, ndipo amenewo amakwana chitseko chimodzi. Makasitomala ena akaona zimenezi nkhope imagwa, amaganiza kuti ndikuwaumira. Koma penti imangogwira kakhungu kamodzi kopyapyala zedi. Wotsala yense amathera pa nsalu yopukutira. Ndimayendetsa siponji mowongoka, kutsogolo ndi kumbuyo, osakanikiza, mbali imodzi ya galimoto pa nthawi. Ngati pali kamchenga komwe kanandizemba, kamzere kowongoka sikaonekera kwambiri ngati kozungulira. Mapulasitiki akuda ndi malabala ndimawalambalala, kapena kuwamata tepi. Galasi la kutsogolo silipakidwa, chifukwa mawaipa amadzasiya chifunga usiku wa mvula, pomwe dalaivala akufunitsitsa kuona.

Kenako ndimadikira. Wakisi akayamba kuuma amatuwa pang'ono, ngati nkhope ya munthu wochokera ku chigayo. Ndimadutsitsa chala: mzere ukatuluka woyera bwino, wapsa; ukapakika ngati mafuta, sanafike. M'nyengo yotentha zimatenga mphindi zochepa. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, chiperoni chikakuta Blantyre, umatha kumwa tiyi n'kumaliza iye asanaume, ndipo masiku ena ndimangomuuza kasitomala kuti abwere mawa. Kupukuta ndimagwiritsa ntchito nsalu ya microfibre yopinda kanayi, mbali ikadzaza ndimatembenuza. Amalume ankakhulupirira mutton cloth yochapidwa mpaka kufewa, ndipo pa galimoto yoyera imagwirabe ntchito, koma pa yakuda sindiyerekeza. Pomaliza ndimatsekula zitseko ndi buti, n'kuchotsa ndi kaburashi kofewa zoyera zonse zobisala m'mphepete ndi m'zilembo za dzina la galimoto. Ntchito ya munthu wothamanga imadziwikira pamenepo.

Nthawi zina pa galimoto yakale yofiira kapena yoyera, siponji imabwerako itatenga mtundu. Musaope, imeneyo ndi penti yopanda kiliya, ndipo chomwe chachokacho ndi ufa wa penti yopsa ndi dzuwa. Zoterezi ndi zomwe zimafunadi polishi kaye, kenako wakisi msangamsanga, apo ayi kufiira kumabwerera ku mtundu wa chitenje chofwifwa miyezi iwiri isanathe.

Pa mabotolo ambiri pamalembedwa mawu akuti carnauba. Ndinakhala zaka ndikuwawerenga osadziwa kuti ndi mtengo. Ndi mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'madera ngati Ceará ndi Piauí, komwe kumatentha ndi kuuma kwambiri. Masamba ake amadzikuta ndi phula kuti asataye madzi. Anthu amadula masambawo, kuwayanika, n'kuwapuntha kuti phulalo ligwe ngati ufa. Ndi lolimba kuposa la njuchi, ndipo silisungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 80, n'chifukwa chake limapirira pa boneti. Palokha silipakika, ndiye amalifewetsa ndi mafuta ndi zosungunulira kuti lilowe m'botolo. Palinso wakisi wopangidwa ndi mankhwala okhaokha a m'fakitale. Ine ndikaona, wa carnauba amapatsa galimoto yakuda kapena yofiira kuwala kozama ngati yanyowa, koma kuno amatha pa miyezi iwiri, ikachuluka itatu. Wa mankhwala amawala mowuma ngati galasi koma amakhalitsa, ena mpaka theka la chaka. Woyendetsa takisi ndimamupatsa wa mankhwala. Wa ukwati amafuna zithunzi, ndiye amalandira carnauba.

Mayina akuluakulu ngati Turtle Wax ndi Meguiar's ndi a ku America, ndipo kuno amafika kudzera ku Joni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa botolo unandidodometsa, ndipo pamenepo ndinayesa kugula lotchipa kwa wina wogulitsa pamsika. Litatsekulidwa linali lamadzimadzi, lonunkha palafini, ndipo mvula yoyamba inalitsuka lonse. Phindu lomwe ndinapeza n'lakuti masiku ano botolo lachilendo ndimayamba ndaliyesa pa boneti yakale yomwe ndinaimika kuseri kwa shedi.

Pali galimoto imodzi yokha imene ndimaibweza ngakhale mwini wake achonderere: yongochokera kwa opopera. Penti yatsopano imafunika mwezi kapena kuposerapo kuti mankhwala a m'kati atuluke, ndipo ukaiphimba msanga imafooka kuwala. Opoperawo nawonso satikonda kwenikweni. Wakisi wambiri ali ndi silikoni, ndipo kakangotsalira pang'ono pa chitseko chomwe akupopera, penti imathawa malowo n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba. Mnzanga wina wa ku Ndirande akandiona ndikulowa pa galaja yake amakuwa kuti nsalu zanga ndizisiye kunja kwa geti.

Ndikamaliza, sindiuza kasitomala kuti aone kuwala, chifukwa galimoto iliyonse yongotsukidwa imawala. Ndimatunga madzi m'kapu n'kuthira pa boneti iye akuona. Madzi amadukaduka kukhala timikanda tozungulira, n'kugubuduka ngati pa tsamba la koko, boneti n'kutsala youma. Ndimamuuza kuti azichita zomwezo kunyumba pakatha milungu ingapo. Tsiku lomwe madzi adzayale chigonere osapanga mikanda, abwerenso.

Pano ndili ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa, mwana wa mlongo wanga. Sabata yatha ndinapita kukagula sopo ku Limbe, ndipo pobwera ndinamupeza atatulutsa Sienta yakuda panja chifukwa m'shedi munali modzaza, botolo lili chozondoka pamwamba pa boneti, chivindikiro atachigwira ndi mano. Ndinamulanda botololo dontho lisanagwe, n'kumuuza kuti abweretse dzanja.