Mlendo pa Bwalo la Ndege la ku Joni

Malemu bambo anga anali mmodzi mwa amuna a kuno ku Mchinji amene anapita ku migodi ya golide ndi Wenela. Iwo ankatisimbira kuti pa ulendo wonse sanafunsepo njira, popeza kapitawo ndiye ankawatsogolera monga ng'ombe zopita ku dibi. Maulendo otere anaimitsidwa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Koma ine ndinapita ku Johannesburg ndekha, wopanda kapitawo, nditamva kuti mwana wanga wagonekedwa m'chipatala kumeneko.

Mpongozi wanga sanathe kudzandichingamira pakuti anali kudwazika. Anangonditumizira mawu akuti, "Bambo, mukakwere sitima ya Gautrain, tikakumane ku Park Station."

Ndinakwera ndege ku Lumbadzi, ndipo patapita maola owerengeka tinatera pa bwalo la O.R. Tambo. Bambo anga ankalidziwa ndi dzina lakale la Jan Smuts. Dzina la tsopanoli linaperekedwa mu 2006. Bwaloli lili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa mzinda, ndipo m'kati mwake anthu ali piringupiringu kuposa pa msika wa ku Kamwendo.

Ndisanapume n'komwe, mnyamata wina anagwira chikwama changa nati ali ndi galimoto panja. Mtengo umene anatchula ukadatha theka la ndalama zimene amayi a Chigwirizano anasonkha kuti zithandize wodwalayo. Ndinakana, koma kumene kunali sitimayo sindinali kukudziwa. Ndinazungulira kawiri malo amodzi, manyazi atandigwira. Taonani, mphunzitsi amene wakhala zaka 30 akuuza ana kuti wosamvetsa akweze dzanja, iye mwini anali kuopa kufunsa! Pamenepo ndinakumbukira mdindo wa ku Aitiopiya uja, munthu wamkulu amene sanachite manyazi kupempha Filipo kuti amtsogolere.

Ndinayandikira mayi wina wovala yunifolomu ya alonda. Iye anandikweza pa makwerero oyenda okha, nandifikitsa pogulitsira matikiti. Kumeneko munthu amagula kakhadi ndi kuikamo ndalama, ndipo akakagunditsa pa chipata, chipatacho chimatseguka chokha. Anandichenjezanso kuti kudya ndi kumwa m'sitimayo n'koletsedwa, motero mtedza wanga wokazinga unakhala m'thumba.

Sitima ya Gautrain inayamba kuyenda mu June 2010, ndipo imayenda ndi magetsi. Ife a ku Mchinji tili nayo njanji yathu imene inafika mu 1980, koma liwiro lotere sindinalionepo. Titapitirira Marlboro tinalowa pansi pa nthaka, ndipo ndinaganizira bambo anga, amene analowa pansi pa mzinda womwewo ndi nyali pamphumi. Patangotha mphindi ngati 15 tinafika ku Sandton. Apa ndi pamene mlendo ayenera kusamala, pakuti sitima ya ku bwalo la ndege imathera pomwepa. Pafunika kutsika ndi kukwera ina yodzera ku Rosebank. Ukalakwitsa mbali udzapezeka ku Pretoria. Ndinafunsanso, tsopano mopanda manyazi.

Ku Park Station ndinapeza mpongozi wanga ataima pa chipata, ndipo ndalama za amayi aja ndinampatsa zosachotsako. Madzulo omwewo ndinagwira dzanja la mwana wanga, ndipo tinapemphera pamodzi.

Abale ndi alongo, ambiri a ife tili ndi ana ku Joni, ndipo tsiku lina tidzaitanidwa mwadzidzidzi. Lembani papepala dzina la siteshoni ndi nambala ya wokuchingamirani, pakuti foni imatha moto. Chikwama musachipereke kwa munthu wosamdziwa. Funsani ovala yunifolomu, ngakhale akhale a msinkhu wa ana anu. Makolo sananame ponena kuti safunsa anadya phula.