Rambo Wakalamba

Pa tchuthi chapitachi ndinaperekeza atate ku Nsaru kukagulitsa mtedza. Titatha malonda ndinawapempha kuti tilowe m'nyumba ya kanema, pakuti tsikulo ankaonetsa Rambo: Last Blood ya 2019.

Atate anamdziwa Rambo akali mnyamata. Kawirikawiri amatisimbira za chithunzi cha 1985, m'mene Sylvester Stallone analowa m'nkhalango za Vietnam uta uli m'manja, atamanga kansalu kumutu.

Koma amene tinamuona ife anali wina. Pamene chithunzichi chinatuluka Stallone anali ndi zaka 73. Tsitsi lalitali lija kulibe, kansalu kulibenso; akungoweta akavalo ku Arizona. Gabriela, mtsikana amene ankamlera, atagwidwa ndi anthu oipa ku Mexico, iye anamlondola, namenyedwa koopsa. Anampeza mochedwa, ndipo mwanayo anafera m'galimoto. Pobwezera anawatchera adani ake misampha m'mauna amene anakumba pansi pa munda wake.

Potuluka ndinati chithunzichi sichifika pa chakale chija, magazi achuluka koma nkhani yachepa. Atate sanayankhe msanga. Tiri pa njira anati, "Mwanawe, nkhalamba imasaka ndi msampha, liwiro inasiyira ana."

Pofika pa chitunda anatsika panjinga ali wefuwefu, nati ndipalase ndine, iwo akhale pambuyo. Zaka zonsezi wonyamulidwa ndinali ine. Anzanga owerenga, ulendo wonse wa kumudzi sindinamnyozenso Rambo.