Singano Yokhala ndi Maso

Mlimi aliyense amene anaperekako cimanga ku depoti adziwa macitidwe a kalaliki. Iye sakhuthula thumba lonse iai. Alasa ndi kacitsulo, naturutsa maso ocepa pa dzanja, ndipo mwa amenewo aweruza thumba lonse. Koma ngati anankafumbwe abisala kumene sanalase, thumbalo lipita monga labwino. Madotolo ofunafuna kansa ya prostate akhala pa bvuto lomweli zaka zambiri.

Prostate ndi kaciwalo ka amuna okha, kakukulu ngati suku, kokhala pansi pa cikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo ipyola pakati pake. Mwamuna akamakalamba kamakula, mkodzo nuyamba kubvuta, ndipo kawirikawiri imeneyi si kansa. Ngakhale kupima magazi kochedwa PSA sikutsimikiza, pakuti kukula wamba kapena matenda a m'njira ya mkodzo akwezanso nambala yomweyo. Mboni yeniyeni ndi tinyama totengedwa ndi singano, timene amakationa pa makina okuza zinthu. Kutengako ndiko acha biopsy.

Atate anga aang'ono, a zaka 66, atauzidwa zimenezi anakana kwa miyezi inai. "Mwanawe," anatero, "cinthu cogona usacidzutse ndi singano." Ambiri m'midzi mwathu akhulupirira kuti kulasa kumwaza kansa m'thupi. Kunena zoona, zotero zicitika mwa kamodzikamodzi ndithu. Cimene cimwaza kansa ndi nthawi, ndipo ya prostate ikonda kuthawira m'mafupa a msana ndi a m'ciuno.

Komabe mantha ao sanali opanda maziko, cifukwa kale dotolo anali kutsogolera singano ndi cala cabe. Mu 1989 madotolo a ku Stanford, m'dziko la America, anaonetsa njira yolasa malo 6 oikika, akuyang'ana cithunzi ca ultrasound, makina amodzimodzi ndi aja aonera mwana m'mimba mwa mai. Kacipangizo kake kalowa ku njira ya cimbudzi, pakuti prostate yatsamira pomwepo. Lero malowo afika 10 kapena 12. Cithunzici cionetsa bwino malire a ciwalo, koma kansa yambiri sioneka pamenepo. Tsono dotolo akali ngati kalaliki uja, ngakhale kuti alasa mwa dongosolo.

Umu ndimo anacitira atate aang'ono atabvomera. Anawabaya mankhwala oletsa ululu, nawapatsa ena oteteza ku tizirombo, ndipo nchito inatha mphindi 20 zisanakwane. Anabwerera tsiku lomwelo, akudandaula za manyazi koposa za ululu. Tinyama tonse 12 tinapezeka tabwino, ndipo kumudzi anaphera nkhuku.

Patapita caka PSA inakweranso. Pamenepo anawatumiza ku Lusaka kukajambulidwa ndi MRI, makina a maginito amene aonetsa m'kati mwa mnofu. Wowerenga cithunzi apatsa malo okayikitsa nambala kuyambira 1 kufikira 5, ndipo ao anapatsidwa 4, kutsogolo kwa ciwalo kumene singano yoyamba sinafike. Ulendo uno singano inalunjika pa malo amodziwo, nipeza kansa ikali m'kati mwa prostate, yocizika.

Zimene zinacitikira iwo zinayesedwa kale pa anthu ambiri. Mu 2018 kafukufuku wochedwa PRECISION, wa amuna 500 a m'maiko angapo, anapeza kuti mwa amene anayamba ndi MRI, 28 pa 100 sanafunike singano konse, ndipo kansa yoopsa inapezeka mwa 38 pa 100, pamene njira yakale inaipeza mwa 26 pa 100. Zipatala zina zisanjika cithunzi ca MRI pa ca ultrasound m'kompyuta. Kwina dotolo aloweza malowo pamtima. Palinso amene alasa pa khungu la pakati pa macende ndi njira ya cimbudzi, kuti tizirombo ta m'matumbo tisalowe m'magazi.

Makina a MRI ndi ocepa m'dziko lathu, ambiri ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo ulendo wocokera ku Lundazi kapena ku Chama udya ndalama. Ine sindingauze munthu kuti akane biopsy ya ultrasound poyembekeza MRI. Kulasa malo 12 kuposa kukhala osadziwa. Cokhaco, yankho lakuti "sitinapeze kanthu" silitseka nkhani. PSA ikapitiriza kukwera, bwererani mukafunse za cithunzi.

Amene aitanidwa auze dotolo ngati akumwa aspirin kapena warfarin, cifukwa mankhwalawa acedwetsa magazi kuundana. Timagazi mu mkodzo kwa masiku ocepa si tacilendo. Koma thupi likatentha ndi kunjenjemera, kapena mkodzo ukatsekeka, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.