Tsiku Limodzi pa Msewu wa Jon Stone

M'mawa, oyamba kulowa mu situdiyo ya Teletape ku Manhattan, mumzinda wa New York, ndi amisiri a magetsi. Akayatsa nyale zolendewera kudenga, msewu wathunthu umaonekera m'kati mwa nyumba: masitepe a nyumba nambala 123, kagolosale ka Mr. Hooper, ndi bini ya zinyalala momwe mumakhala chidole chotchedwa Oscar. Tili m'zaka za m'ma 1970, ndipo pulogalamu ya Sesame Street, yomwe idayamba kuonetsedwa pa 10 Novembala 1969, ana aigwira kale pamtima.

Msewuwu ndi nzeru za Jon Stone, mlembi wamkulu woyamba wa pulogalamuyi, yemwenso ankaikonza ndi kutsogolera ojambula. Iye adafuna kuti mwana wa m'dera losauka la mumzinda akayang'ana pa kanema aone kwawo, makoma othimbirira ndi zinyalala zomwe. Ine ndimaona kuti umenewu udali ulemu waukulu kwa ana amene kanema adali atawaiwala.

Dzuwa likakwera, phokoso limadzaza. Zingwe za makamera zili mbwee pansi. Caroll Spinney akulowa m'chidole cha Big Bird, chimbalame chachikasu chotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka. M'katimo saona kunja. Dzanja lamanja walikweza pamwamba pa mutu wake kuti ligwire mutu ndi mlomo wa mbalameyo, ndipo amayenda poyang'ana kakanema kakang'ono komangirira pachifuwa, komwe kamamuonetsa zimene kamera ikuona. Mkonowo umatopa msanga. Wotsogolera wabwino amadziwa zimenezi, ndiye sabwereza chigawo popanda chifukwa. Tsiku limene abwera Jim Henson ndi Frank Oz, amayimika manja m'mwamba chimodzimodzi, zidole zawo, Ernie ndi Bert, n'kuyamba kukangana, ojambula akudziletsa kuseka.

Ovuta kwenikweni, komanso okondweretsa, ndi ana. Ambiri si azisudzo ayi, ndi ana wamba. Wina amayiwala chilembo chotsatira, wina amayankha chidole zimene palibe adalemba. Zikatero kamera siyimitsidwa, chifukwa mwana woonera kunyumba amakhulupirira mnzake wolankhula zochokera mumtima.

Masana, mawu a ofufuza a bungwe lokonza pulogalamuyi la Children's Television Workshop, otsogozedwa ndi Edward Palmer, amafika kwa alembi. Iwo amaonetsa ana zigawo za pulogalamu, pambali ataika chinsalu china chosintha zithunzi pakangopita masekondi angapo, n'kumalemba pomwe maso a mwana achoka pa pulogalamuyo. Chigawo chimene chatopetsa ana chimakonzedwanso kapena kutayidwa, ngakhale mlembi wake atachikonda chotani.

Madzulo ana atengedwa ndi makolo awo, zidole zabwezedwa m'mabokosi. Stone ndi anzake atsala ndi mapepala a mawa, pakuti pafupifupi chaka chilichonse pamafunika mapulogalamu 130, iliyonse ya ola lathunthu.