TALULAR amayambira pamkeka

 Kuno kuchigwa tilipo, dzuwa likuswa mtengo monga mwa masiku onse. Lero za mayeso a MSCE tiziike pambali kaye. Ndikufuna tikambirane za zidole za ana aang'ono, aja ongoyamba kumene kuyenda ndi kuyankhula.

Chandichititsa ndi ichi: ambiri a inu amene ndinakuphunzitsani tsopano ndinu makolo. Tikakumana pa Dyeratu, pa Ngabu kapena pamsika wa Bangula mumandionetsa ana anu, ine n'kumasangalala kuti ndapeza zidzukulu. Koma kangapo konse ndamva mawu amodzimodzi akuti, "Aphunzitsi, mwanayu ndimafunitsitsa nditamugulira zidole, koma zinthu sizili bwino." Amanena mwamanyazi ngati kuti mwanayo amulakwira. Ena apeza njira yachidule, yomupatsa foni kuti akhale chete. Apa m'pamene ndikufuna tiunikirane.

Aphunzitsi anzanga mukukumbukira TALULAR, nzeru ija imene a Malawi Institute of Education ku Domasi anailimbikitsa kwambiri, yoti tiziphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwe tili. Ife a m'masukulu a CDSS opanda labotale tikuidziwa bwino. Botolo lodula pakati limasanduka chosefera madzi, ndipo mwala womanga kuchingwe umaphunzitsa phunziro lonse la kagwedezeke ka zinthu. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tikaweruka, TALULAR timamusiya pakhomo la sukulu. Tikafika kunyumba timaganiza kuti chidole ndi chokhacho chochokera musitolo ku Limbe.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuona chinthu chimodzi mu Fomu 1. Ndikaika patebulo mabatire, waya ndi kababu, ophunzira amagawika pawiri. Ena manja awo amathamangira pomwepo, amayesa, zikakanika amatembenuza n'kuyesanso. Ena amapinda manja kudikira kuti ndilembe manotsi pabolodi. Ndikacheza ndi a gulu loyamba lija, kawirikawiri ndimapeza kuti anakula akuumba ng'ombe zadothi, kupinda magalimoto amawaya ndi kuphika masanje. A gulu lachiwiri nzeru ali nazo ndithu, koma amaopa kugwira chinthu, kuopa kulakwa. Mantha amenewa ndi ovuta kuwachotsa mwa mwana wa zaka 14. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ndiye tiyeni tilowe kukhitchini tione zomwe tili nazo kale.

Mwana amene wayamba kukhala pansi ndi kukwawa, mupatseni chipande, mthiko ndi mbale ziwiri kapena zitatu zosiyana kukula. Adzazimenya, adzalowetsa yaing'ono mu yaikulu, adzayesa kulowetsa yaikulu mu yaing'ono n'kuona kuti sizitheka. Masamu ayamba pamenepo. Vundikirani chipande ndi mbale iye akuona, kenako mufunseni kuti chapita kuti. Amene tinamuwerenga Jean Piaget kukoleji tikukumbukira kuti mwana akafika miyezi pafupifupi 8 amayamba kuzindikira kuti chinthu chobisika chikadalipo. Masewero ake safuna ngakhale tambala imodzi.

Kuno kwathu milambe njosasowa. Tengani dambe louma, boolani pang'ono, chotsani zam'kati, ikanimo timiyala tingapo, kenako tsekani zolimba ndi kamtengo n'kukulunga ndi nsalu yosoka. Chisekese chapezeka. Muthanso kugoneka timatabwa tinayi tosiyana kutalika pamwamba pa mitengo iwiri, mwana azimenya ndi mthiko. Ameneyo ndi ulimba wake woyamba, mng'ono wake wa uja amaimba achisena ku Nsanje. Tsiku lina mphunzitsi akadzamuuza kuti kathabwa kafupi kamalira mokweza kuposa katali, adzangomwetulira chifukwa anazimva kale ndi makutu ake.

Akayamba kuyenda amafuna chokoka ndi chokankha. Katoni yaing'ono ya sopo yomanga kachingwe kakafupi ndi ngolo yokwanira. Ikanimo zitsononkho, iye azikweza ndi kutsitsa katundu ngati akupita kumsika wa thonje. Chitsononkho chomwecho mukachikulunga m'kansalu ka chitenje chakale chimasanduka mwana wobereka kumbuyo. Ndipo anyamata musawaletse kubereka, mawa adzakhala abambo. Mpira wake ukhale wa nsanza zosokera m'sokosi yakale. Chikulunga cha majumbo chisiyireni akulu ake.

Wa zaka 2 kapena 3 mupatseni beseni la mchenga wouma, makapu awiri ndi chigubu choboola kunsi. Adzathira, adzakhuthula, adzabwerezanso kosatopa. Mapesi a mapira odula mofanana ndi osiyana amamangira khola. Dothi la makande lija timalidandaula nthawi ya mvula ndi lomwe limaumba ng'ombe za linunda zokongola, monga zimene mwana amaziona zikudutsa pa Ngabu.

Koma pano ndiyankhule mwamphamvu, chifukwa si chilichonse cha m'nyumba chimene chingakhale chidole. Mwana wamng'ono amayesa zonse ndi pakamwa. Kanthu kalikonse kotha kulowa kathunthu m'kamwa mwake kangamutsamwitse: zitsekerero za Fanta, njere za malambe, mabatani, makobidi, mtedza. Timabatire tating'ono ta m'mawotchi ndi m'matochi ena tikamezedwa timawotcha kum'mero, ndipo mwana wotero amafunika kuthamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo. Njere za nsatsi ndi zokongola koma zili ndi poizoni. Jumbo ingamutseke mpweya, chingwe chachitali chingamukole pakhosi, chitini chotsegula ndi mpeni chimacheka. Ife alimi a thonje tichenjere kwambiri ndi mabotolo a mankhwala opopera. Ngakhale mutalitsuka motani, botolo limeneli lisafike m'manja mwa mwana, chimodzimodzinso lomwe munasungiramo parafini. Akamasewera ndi madzi mukhale pomwepo, pakuti mwana wamng'ono atha kumira ngakhale mundowa. Akatha kuumba asambe m'manja ndi sopo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sitinauiwale.

Nanga foni ija? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhale pansi kuonera foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni imayankhula yokha, simudikira mwana kuti ayankhe. Inu mumadikira. Mukakhala naye pamkeka n'kumufunsa kuti, "Ng'ombe yakoyi ikupita kuti? Yaikulu ndi iti? Tiwerenge, zilipo zingati?" mukumupatsa mawu, m'Chimang'anja, m'Chisena kapena m'Chichewa, chilichonse chimene mumayankhula pakhomopo. Chidole chopanda munthu wocheza naye ndi chitsononkho chabe. Abambo, ntchitoyi musawasiyire amayi ndi agogo okha.

Palinso chifukwa china cha ife a kuchigwa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasandutsa makalasi athu ambiri kukhala misasa. Mabanja anafika ndi zovala za pathupi zokha. Pasukulu ina ndinaona ana atakhala duu, osaseka, osathamanga. Mayi wina wachikulire anatola zitsononkho n'kung'amba mpango wake, ndipo posakhalitsa ana anamuzungulira, aliyense akufuna mwana wake wobereka. Chidole cha musitolo chimapita ndi madzi, koma luso lopanga chidole limasamuka nawe kulikonse.

Mukamakayika, kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakale ndi zitsulo zotayidwa. Kumbukiraninso kuti mu 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno ku Malawi wotolera mawaya. Ana a kunja amawerenga za luso limene ife timachita nalo manyazi.

Tsono poti mphunzitsi salekana ndi ntchito ya kunyumba, nayi yanu. Inu amene ndinakuphunzitsani, sabata ino pangani chidole chimodzi, mukhale pansi ndi mwana wanu musewere naye, foni ili m'thumba. Aphunzitsi anzanga, bwanji ophunzira athu a Fomu 3 osapanga zidole zotetezeka n'kukapereka kusukulu ya mkombaphala yoyandikana nayo? Ana amenewo, pakatha zaka khumi, adzakhala pamadesiki athu omwewa.

Tikakumananso pa Dyeratu mudzandiuze kuti munapanga chiyani.