Linki ikatseguka mkati mwa Facebook, muli m'boti la mwini

Anzanga a kunyanja, uthengawu ndi wautali, koma uwerengeni mpaka pansi musanautumize kwina. Nkhani yake ndi ya chinthu chimene tonse timachita tsiku lililonse osaganiza: kudina linki.

Mukadina linki pa Facebook, Instagram kapena TikTok, mwaonapo kuti tsamba limatseguka pomwepo, simutuluka kupita ku Chrome? Pamwamba pamangobwera kamzere kakang'ono ndi ka X kotsekera. Ambiri timaganiza kuti tikadali "pa Facebook". Ayi ndithu. Tsambalo ndi la munthu wina, lili pa intaneti kwinakwake, koma app yakutsegulirani mu browser yakeyake imene idamangiridwa mkati mwake.

Ndifotokoze mwa ntchito yanga. Injini ya Yamaha 40 ija mutha kuichotsa pa boti ili, n'kuimanga pa lina, igwira chimodzimodzi. Injini ndi imodzi, maboti ndi osiyana. Mu foni ya Android mulinso injini yotere, dzina lake Android System WebView. Ntchito yake ndi kuonetsa masamba a pa intaneti, ndipo app iliyonse itha kuibwereka n'kuimanga pa boti lake. Ma app ambiri omwe timadawunilodawa, makamaka a kubetcha, a nkhani ndi a ngongole za pa foni, ukawasegula mkati ndi website basi imene yavekedwa malaya a app. Wopanga app amasankha njirayi chifukwa ndi yotchipa: akasintha website, app yasinthanso yokha. Pamenepo palibe choipa. Ine ndikanakhala wopanga ma app ndikanachitanso zomwezo.

Vuto lili apa: mukakwera boti la munthu, mwini boti amaona zonse zimene mwanyamula. App imene yakutsegulirani tsamba mu browser yake ili ndi mphamvu yolowetsa kodi yake pa tsambalo, ndipo ikafuna itha kudziwa pamene mwadina ndi zimene mukulemba. Mu Ogasiti 2022 mkulu wina wa zamakompyuta wa ku Austria, Felix Krause, adafufuza ma app a pa iPhone n'kupeza kuti Instagram ndi Facebook amalowetsadi kodi yawo m'masamba omwe mwatsegula mkati mwawo. Pa TikTok adapeza kodi yotha kumvera batani lililonse limene mwadina pa kiyibodi. A TikTok adayankha kuti kodiyo ndi yofufuzira mavuto a app, sagwiritsa ntchito kutolera zolemba za anthu, ndipo Krause mwiniwake adanena kuti iye wangoonetsa kuti mphamvuyo ilipo. Chabwino. Koma kwa ine, kungodziwa kuti chitseko chilipo ndi chokwanira kuti PIN yanga ndisailembe pamenepo.

Ngakhale a Google nawonso sakhulupirira ma browser a mkatiwa. Mu 2016 adalengeza kuti asiya kulola anthu kulowa mu akaunti ya Google kudzera mu WebView ya app ina. Amene mudayesapo kulowa ndi Gmail pa app inayake n'kuona uthenga wachizungu wonena disallowed_useragent, foni yanu sinali yakufa ayi, ndi lamulo limeneli.

Komatu makampani akuluakuluwo si amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Amene amatipweteka kuno ndi akuba wamba, ndipo browser ya mkatiyi imawathandiza mwanjira yosavuta: imabisa adiresi. Mu Chrome, pamwamba pamakhala mzere wonse woti mutha kudina n'kuwerenga kuti muli pa tsamba lanji. Mkati mwa app, adiresi imakhala ya timalemba ting'onoting'ono, nthawi zina yodulidwa pakati, ndipo pa sikirini yosweka ya foni zathuzi, dzuwa la pa doko likuwomba, ndani angaiwerenge? Wakuba amapanga tsamba la buluu, chizindikiro cha f chili pompo, n'kulemba kuti lowaninso mu akaunti yanu kuti muone video. Inu poti munali kale pa Facebook mphindi yapitayo, mutu umakuuzani kuti ndi Facebook yomweyo ikufunsa.

Msuweni wanga amagulitsa usipa wouma kwa amayi a geni a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo makasitomala ake ambiri amamupeza pa Messenger. Munthu wina adamutumizira linki yoti akuti chithunzi chake chaikidwa pa tsamba lina. Adadina, tsamba lidamufunsa nambala ndi pasiwedi, adalemba. Pofika madzulo akaunti sinalinso yake. Wakubayo adawerenga macheza onse, adadziwa amene amaoda zidebe zingati ndi pa mtengo wanji, n'kuyamba kuwalembera m'dzina la msuweni wanga kuti usipa wagwa wambiri, tumizani dipoziti pa nambala yatsopano iyi. Amayi awiri adatumiza. Ndalamazo msuweni adabweza ndi nsomba zake, chifukwa pa geni dzina likada basi watha. Mmodzi mwa amayiwo mpaka lero amagula kwa munthu wina. Foniyo adabwera nayo kwa ine, poti kuno ukakhala makaniko anthu amayesa umakonza chilichonse kuyambira kabuleta mpaka wailesi. Titayang'ana adiresi ya tsamba lija bwinobwino, mawu oti facebook analimo, koma kutsogolo ndi kumbuyo kwake kunali zilembo zina zambirimbiri.

Ndiye chochita chake si chovuta, amwene. Tsamba likatseguka mkati mwa app, n'kukufunsani pasiwedi, PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala ya chitupa cha unzika, kapena kodi imene yabwera pa SMS, imani kaye. Pakona yakumanja pamwamba pali timadontho titatu. Dinani pamenepo, musankhe kutsegula mu Chrome kapena mu browser ya foni. Mukafika uko werengani adiresi, makamaka mawu amene ali pafupi ndi .com kapena .mw, chifukwa mwini tsamba amadziwika pamenepo, osati koyambirira. Ndipo dziwani kuti ngati muli kale mu app ya Facebook, palibe chifukwa choti tsamba lina likufunseni pasiwedi ya Facebook kuti muonere video. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money malo ake ndi pa menyu ya *444# kapena *211#, ndi mu app yeniyeni ya kampaniyo, osati pa linki ya mu gulu.

Ndikudziwa mudzati nanga bandulo? Ambiri timagula ya Facebook ndi WhatsApp yokha, ndiye timaopa kuti tikatuluka kupita ku Chrome tidya mayunitsi. Koma tsamba la eni limakhala la eni, kaya mwalitsegulira mkati kaya kunja. N'chifukwa chake maulendo ena linki imangozungulira osatseguka pamene Facebook yeniyeni ikuyenda bwinobwino.

Si ma app onse amene amachita za mkatizi mofanana. Ena amabwereka Chrome yeniyeniyo, njira yotchedwa Custom Tabs imene idabwera mu 2015, ndipo mukadina timadontho tija pansi pake pamalembedwa dzina la Chrome. Pamenepo app siiona zimene mukulemba. Iyi ndiye yabwinoko.

Chomaliza ndi cha injini ija. Kuyambira pa Android 5 wa mu 2014, WebView imalandira update yake payokha kudzera pa Play Store, ngati app ina iliyonse. Ambiri tidatseka ma update kuti tisunge data, ndiye injiniyo yakhala zaka osaiona, mabowo amene akuba adawadziwa kale akadali otsegula. Kufunika kwake kudaoneka mu Malichi 2021, pomwe WebView yolakwika idatuluka, Gmail ndi ma app ena ambiri n'kumangodzitseka okha pa mafoni a Android dziko lonse lapansi, mpaka Google atatulutsa ina yokonzedwa. Choncho mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, lowani pa Play Store, lembani Android System WebView, dinani Update, ndi Chrome yomwe. Ikakanika bwerani nayo Loweruka, ndidzakhala pa doko tsiku lonse chifukwa mwera ukuoneka kuti sulola maboti kulowa, koma amene injini zawo zili kale pa mzere ndiyamba ndi iwo.